Kutsikira kunyanja: msewu wa Dowa, Salima, Nkhotakota ndi Ntchisi

Msewu wochoka m'mapiri a Dowa kutsikira ku Salima, kulambalala nyanja mpaka ku Nkhotakota, kenako kukweranso kudzera ku Ntchisi, ndi wozungulira ngati nkhata. Utali wake umapitirira makilomita 300, osawerengera tinjira topatukira kugombe. Wa galimoto yabwino akhoza kuumaliza tsiku limodzi, koma woteroyo amangoona phula ndi fumbi. Ulendowu umafuna masiku atatu kapena anayi, chifukwa zambiri zoti munthu aone zili pambali, osati pamsewu penipeni. Boma la Dowa lili pamtunda wa mamita oposa 1,300 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, pamene nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 475. Kusiyana kumeneku ndi kumene kumasintha zonse m'njiramo: mpweya, mitengo, ndiwo, ngakhale kapembedzedwe ka anthu.

Wochokera ku Lilongwe ali ndi njira ziwiri. Akhoza kukhota pa Kanengo n'kulowa M14 mwachindunji, kapena kupitirira mpaka ku Lumbadzi n'kudzera ku Dzaleka ndi pa boma la Dowa, kukalowa M14 pa Chezi. Njira yachiwiriyi ndi yotalikirapo koma ndi imene imaonetsa mapiri bwino. Dzaleka inali ndende ya andale m'nthawi ya chipani chimodzi, ndipo mu 1994 inasanduka msasa wa anthu othawa kwawo, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Kuseri kwa boma kuli phiri la Kongwe, kumene amishoni a Dutch Reformed Church anatsegula mishoni mu 1894 ndipo lero kuli sukulu ya sekondale ya Robert Blake.

Pa Chezi ndi poyenera kuima, ndipo galimoto zambiri zopita kunyanja zimaimadi. Tomato, anyezi, kabichi, kachewere ndi nyemba zochokera m'madimba a m'makwawa a Dowa zimaunjikidwa m'milumilu m'mbali mwa phula, amayi akuthamangira pazenera ndi mabeseni, aliyense akulonjeza banyira. Wanzeru amagula pano, chifukwa kunyanja masamba ndi osowa ndipo mtengo wake ndi wina. Malondawa ndi akale kuposa msewuwo. Anthu a kumapiri ankatsika ndi chimanga ndi nyemba pamutu, n'kubwerako ndi nsomba zouma, ndipo mpaka lero maminibasi amatsika ndi madengu a tomato n'kukwera ndi matumba a usipa.

Patsogolo pang'ono pali Mvera. Pa 28 Novembala 1889 abusa A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok anamanga msasa wawo pano, m'dziko la Chiwere, mfumu ya Angoni, ndipo apa m'pamene panayambira mpingo umene lero ndi sinodi ya Nkhoma ya CCAP. Likulu linasamukira ku Nkhoma pambuyo pake, koma tchalitchi chakale cha njerwa chikadalipo pa Mvera. Owerenga Chichewa ali ndi chifukwa china chokumbukira malowa: gawo lalikulu la ntchito yomasulira Buku Lopatulika, imene anatsogolera William Murray mothandizana ndi aphunzitsi a kuno, linachitikira kuderali, pa phiri la Kaso, ndipo bukulo linatuluka mu 1922. Mishoni ili chapatali pang'ono ndi phula. Odutsa ambiri amangodziwa za asilikali amene ali ndi kampu yawo pa Mvera.

Kuchokera apa msewu umayamba kutsetsereka m'makhotamakhota. Uku ndi kukhoma kwa chigwa chachikulu chimene chinang'ambika kalekale pamene nthaka ya kummawa kwa Africa inayamba kutanuka, pakati pake n'kutitimira ndi kudzaza madzi. Woyendetsa wozolowera amatsika ndi giya yaing'ono osati ndi phazi pa mabuleki, chifukwa mabuleki akatentha amaleka kugwira, ndipo malole olemera amene amagona m'mbali mwa makhotawa ndi umboni wake. Njinga zonyamula matumba a makala zimatulukira pakona mosayembekezeka. Makalawo ndi amene ameta mapiri ambiri a m'njirayi, ngakhale kuti chakumwera nkhalango ya Thuma yatetezedwa ndipo njovu zikadalimo. M'makutu mumatseka, juzi imayamba kulemera. Mitengo ya miombo ndi masuku imachepa, m'malo mwake mumabwera malambe ndi migwalangwa, ndipo m'mbali mwa msewu mumayamba kuoneka madengu, mikeka, zipewa za mlaza ndi mipando yoluka. Kukakhala kopanda utsi, pamakhota ena nyanja imaonekera patali ngati lata lowala.

Tauni ya Salima si ya pagombe. Inakula chifukwa cha njanji, imene inafika kuno mu 1935 n'kuthera pompo kwa zaka zoposa makumi anayi isanapitirire ku Lilongwe, ndiponso chifukwa cha thonje. Ndi tauni yotentha, yathyathyathya, ya njinga za kabaza zosawerengeka. Chofunika pano ndi kuthira mafuta ndi kutapa ndalama, popeza kutsogoloko zonse ziwiri n'zosadalirika. Wofuna nyama zakutchire akhoza kupatukira ku Kuti, nkhalango yaing'ono yokhala ndi mbidzi ndi agwape, yopanda zilombo zolusa, mwakuti anthu amayendamo pansi kapena panjinga.

Nyanja yeniyeni ili ku Senga Bay, makilomita pafupifupi 20 kuchokera m'tauni. Ili ndiye gombe loyandikira likulu la dziko, ndipo pa Khirisimasi, Chaka Chatsopano ndi Tsiku la Anakubala mchenga suoneka ndi anthu. Hotela yakale imene lero ndi Sunbird Livingstonia inamangidwa m'nthawi ya atsamunda patsinde pa phiri la Senga, ndipo malo ogona a mitengo yosiyanasiyana atambalala m'gombe lonselo. Koma Senga Bay ndi mudzi wa asodzi usanakhale malo a alendo, ndipo wofuna kuumvetsa adzuke mbandakucha apite kudoko la Nguwo. Usiku wonse nyali zimakhala zitandandalika panyanja ngati tauni ina. Amenewo ndi asodzi a chilimira: mmodzi, wotchedwa siginala, amakhala m'bwato ndi nyali zokopa usipa, anzake m'maboti n'kuzinga khoka pansi pa gululo. Kale nyalizo zinali za parafini, lero ndi mababu a batire. Dzuwa likamatuluka maboti amakocheza, amayi ogula amalowa m'madzi mpaka m'mawondo ndi zigoba m'manja, ndipo mtengo umakambidwa mokuwa, m'Chichewa, m'Chiyao ndi m'Chitonga, poti asodzi ambiri pano anachokera kumpoto. Usipa wina umayanikidwa pa thandala, wina amaufutsa m'madzi otentha asanauyanike, wina amaukazinga. Mwezi ukakhala wowala nyali sizikopa kanthu, usipa umasowa, mtengo n'kukwera mpaka ku msika wa Mponela.

Moyang'anizana ndi gombe pali kachilumba ka Namalenje, kamene alendo amakatcha Lizard Island chifukwa cha ng'azi zikuluzikulu zoothera dzuwa pamiyala. Anyamata a maboti amapititsako anthu, ndipo chionetsero chawo ndi kuimba mluzu n'kuponya nsomba m'madzi kuti nkhwazi itsike kudzaiwakha. Mtengo ndi wokambirana boti lisananyamuke, ndipo boti lopanda majekete oyandamitsa n'losayenera kukwera. Chakumwera kuli zilumba za Maleri, Nankoma ndi Nakantenga, zimene ndi gawo la Lake Malawi National Park, yokhazikitsidwa mu 1980 ndi kulembedwa ndi UNESCO mu 1984. Chimene chinapatsa nyanjayi ulemu umenewu ndi tinsomba ta mbuna, tobiriwira, tachikasu, tamizeremizere, tokhala m'miyala. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere, ndipo yambiri sipezeka kwina kulikonse. Mbuna yaikazi imafungatira mazira m'kamwa, ndipo ana akaswa amathawiramo akaona mdani. Ku Kambiri, kumwera kwa Senga Bay, kuli malo amene malemu Stuart Grant anayambitsa, osungirako nsombazi m'matanki zisanatumizidwe kwa oweta a ku Ulaya. Msodzi wamba saiwerengera mbuna, poti ndi yaing'ono ndipo ili ndi minga, koma kunja nsomba imodzi imagula ndiwo za banja lonse.

Za kusambira, munthu wa kumapiri ayenera kuuzidwa mosabisa. Ambiri amene amamira pa maholide ndi alendo, ndipo kawirikawiri mowa umakhalapo. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mphepo ya mwera imautsa mafunde otha kugubuduza boti. Pamathiriro a mitsinje ndi m'mabango mumakhala ng'ona ndi mvuu, ndipo madzi odekha a m'mabangomo ndiwonso kwawo kwa nkhono zofalitsa likodzo. Wosambira m'malo otere apite kuchipatala pakatha miyezi iwiri kapena itatu kuti akayezedwe. Udzudzu wa kunyanja nawo suona nyengo, choncho neti ndi katundu woyamba kulongedza.

Kuti apitirire kumpoto, woyenda amabwerera ku Salima n'kukhota pa Kaphatenga kulowa M5. Dzina lakuti msewu wa m'mbali mwa nyanja limanamiza. Pa makilomita oposa 100 a pakati pa Salima ndi Nkhotakota, nyanja imabisika pafupifupi njira yonse kuseri kwa madambo, minda ya mpunga, nzimbe ndi chinangwa. Msewuwu unamangidwa mopapatiza, milatho yambiri inali yodutsa galimoto imodzi, ndipo m'mphepete mwa phula munadyeka kwa zaka zambiri ntchito youkulitsa isanayambike. Mitsinje yotsika m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi imasefukira m'dzinja n'kudula njira. Wofuna kuona madzi ayenera kupatuka, ndipo mphambano iliyonse yoloza kummawa imathera padoko lina.

Limodzi mwa madokowo ndi Chikombe, m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira, pokwerera boti lopita ku chilumba cha Mbenje. Chilumbachi chili ndi lamulo limene boma silinapange. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 mafumu a kuno amatseka usodzi pa Mbenje mu Disembala n'kutsegula mu Epulo, ndipo nthawi yonseyo pachilumbapo sipagona munthu. Chikatsegulidwa, pamwambo umene pamabwera akuluakulu a boma, malamulo ake ndi okhwima: mowa, chamba ndi juga n'zoletsedwa, akazi saloledwa kufikako, ndipo wolakwa amathamangitsidwa. Lamulo lokhudza akazi limadzutsa mtsutso masiku ano, ndipo mtsutsowo ndi womveka. Chimene palibe amatsutsa n'chakuti utaka wa pa Mbenje ndi wonenepa ndiponso wochuluka kusiyana ndi wa madoko ena, kumene nyengo yotseka imene boma limalengeza mu Novembala imaphwanyidwa ndi makoka a neti za udzudzu.

Kupitirira Thavite ndi Benga, kumanzere kumaoneka mzere wa mapiri obiriwira motuwa. Amenewo ndi mapiri a Ntchisi, kuwaonera kumsana. Madzi ake ndi amene amadzaza thamanda la Chia, lalikulu kuposa onse m'dziko muno, la masikweya kilomita pafupifupi 17 m'bwalo lake. Mitsinje ya Lifuliza, Likoa ndi Bambara imathiramo, ndipo ngalande yaifupi imalumikiza thamandalo ndi nyanja. Mlatho wa M5 umadutsa pa ngalandeyo, ndipo pano pokha m'pamene woyenda amaona madzi mbali zonse ziwiri ali m'galimoto. Pamlathopo pali msika wa nsomba. Anyamata amatukula chambo, makumba ndi kampango m'mwamba galimoto ikamayandikira, ndipo wogula amamangirira nsombazo pa galasi loonera kumbuyo kapena kutsogolo kwa galimoto kuti mphepo izipitamo. Yaiwisi bwino imadziwika ndi makha ofiira ndi maso owala. Chia ndi malo a mbalame za m'madzi, zimene amaziona bwino ndi wokwera bwato m'mamawa. Koma thamandali likukwiririka. Mtengo ukadulidwa pamtsetse ku Ntchisi, dothi lake limadzathera pano, ndipo madzi amene kale anali oyera amakhala ofiira miyezi yonse ya mvula.

Nkhotakota ndi pofunika kugonapo, osati chifukwa cha gombe lokha. Eni ake amati ku Linga. Cha m'ma 1840 Mswahili wina wochokera kugombe la nyanja yamchere, Salim bin Abdallah, anakhazikika pano n'kutenga udindo wa Jumbe. Doko la Nkhotakota ndi lobisika ku mwera chifukwa cha mchenga wa Sungu umene unalowa m'nyanja ngati mkono, ndipo kuchokera pano zombo za matanga zinkaolotsa minyanga ndi akapolo zikwizikwi kupita tsidya la kummawa, kumene ankayamba ulendo wapansi wa ku Kilwa. Ambiri mwa akapolowo ankagwidwa kumtunda, m'midzi ya Achewa. David Livingstone anafika kuno mu 1861 ndipo anabweranso mu 1863. Mkuyu umene mbiri imati anakambirana patsinde pake ndi Jumbe ndi mafumu a Achewa ukadaimirira pa mishoni ya Anglican, pafupi ndi chipatala cha St Anne's. Zokambiranazo sizinathetse kanthu. Malonda a anthu anapitirira zaka zina makumi atatu. Mu 1889 Harry Johnston anapangana pangano ndi Jumbe wa nthawiyo, ndipo pofika pakati pa zaka za m'ma 1890 Jumbe womaliza anachotsedwa n'kutumizidwa ku Zanzibar.

Amishoni a Anglican a UMCA anatsegula mishoni yawo pano mu 1894. Chaka chotsatira, mu Sepitembala 1895, Chauncy Maples, amene anali atangodzozedwa kumene kukhala bishopu wa Likoma, anamira boti lake litagubuduzika ndi namondwe, ndipo anaikidwa m'tchalitchi cha All Saints pa Nkhotakota pompano. Sitima yotchedwa dzina lake inayamba kuyenda panyanjayi mu 1901. Mzikiti wakale wa m'dera la Jumbe ndi tchalitchichi zili pamtunda woyenda pansi, ndipo tauniyi yakhala ya Asilamu ndi Akhristu limodzi kuyambira nthawi imeneyo. Palinso mtengo wina wa mbiri ya posachedwa: mu 1960, atatuluka kundende ya Gwelo, Dr Hastings Kamuzu Banda anachititsa msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party patsinde pake, ndipo pamsonkhanowo anamupatsa utsogoleri wa chipanicho kwa moyo wake wonse. Zimene zinadzachitika mu 1971, pamene anakhala mtsogoleri wamuyaya wa dziko, zinayambira pamenepo. N'zodandaulitsa kuti malo ambiri mwa amenewa alibe zikwangwani zokwanira, mwakuti mlendo amadalira kufunsa akuluakulu a pamalopo.

Ajumbe anasiyanso mpunga. Wa faya, wonunkhira, umalimidwa m'madambo ozungulira tauniyi ndipo umagulitsidwa m'mbali mwa msewu. Nsima ya kuno ndi kondowole, ya ufa wa chinangwa chovviika, yonanda, imene munthu wozolowera mgaiwa amalimbana nayo tsiku loyamba. Amati siitafunidwa, imangomezedwa, ndipo ndiwo yake ndi nsomba yamsuzi kapena chigwada. Pafupi ndi tauni pali akasupe a Mawira, kumene madzi amatuluka pansi ali otentha, chizindikiro chakuti ming'alu imene inapanga chigwachi ikadali yamoyo. Anthu amasamba ndi kuchapa pamenepo. Magombe abwino osambira ali chakumwera kwa tauni, kumene kulinso malo oumba mbiya ndi makapu a Nkhotakota Pottery.

M5 imapitirira ku Dwangwa, kwa nzimbe, mpaka ku Nkhata Bay, koma wobwerera kumapiri amakhotera kumadzulo pa M18. Msewuwu umakwera kudutsa m'kati mwa nkhalango ya Nkhotakota, ya masikweya kilomita 1,800 m'bwalo lake, yaikulu kuposa nkhalango zina zonse za mtundu wake m'dziko muno. Opha nyama mozemba anali atatsala pang'ono kumaliza njovu zake pamene bungwe la African Parks linayamba kuyendetsa malowa mu 2015. Mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinabweretsedwa pa malole kuchokera ku Liwonde ndi Majete, ndipo nkhalangoyo inatchingidwa ndi waya wamagetsi. Lero kukumana ndi njovu pamsewu si chachilendo. Woyendetsa aime patali, asaimbe hutala, adikire. Mawindo akhale otseka chifukwa cha kashembe, ntchentche yoluma imene imatsata galimoto yoyenda ndi zovala zakuda kapena zabuluu, ndipo ina imafalitsa matenda a kaodzera. Nsalu zabuluu ndi zakuda zopachikidwa m'mitengo m'mbali mwa msewu ndi misampha yake. Chakumpoto m'nkhalangomo mukudutsa mtsinje wa Bua, umodzi mwa mitsinje yochepa imene mpasa imakwerabe kuchokera kunyanja kukaswana.

Pa Malomo pali mphambano yolowera kumwera ku boma la Ntchisi. Mpweya umakhala utazizira kale, minda ya fodya, soya ndi mtedza yabwerera, zigafa zaima m'midzi. Kuno ndi ku Dowa ndi kuchimake kwa gule wamkulu, ndipo m'chilimwe, nyengo ya zizangala ndi ziliza, si zachilendo kukumana ndi gule pamsewu. Mlendo amachepetsa liwiro, sajambula popanda chilolezo, ndipo akafuna kupereka kangachepe amaponya pansi osati kupatsira m'manja.

Phiri la Ntchisi lili kummawa kwa boma, ulendo wa ola limodzi kapena kuposerapo pa msewu wafumbi umene m'dzinja umafuna galimoto yamphamvu. Limapitirira mamita 1,600, ndipo pamwamba pake pali nkhalango yosayoyoka masamba, ya mitengo italiitali yokutidwa ndi ndere ndi zilambe, imodzi mwa zochepa zotsala m'chigawo chapakati. Achewa ankabisalamo m'nthawi ya nkhondo za Angoni, ndipo boma la atsamunda linaiteteza mu 1924. Muli anchima, agulugufe ndi mbalame za m'nkhalango zowirira, ndipo mvula ikagwa mumamera bowa ndi maluwa a m'nthambi. Nyumba imene bwanamkubwa wina wachitsamunda anamanga mu 1914 kuti azithawirako kutentha kwa kunyanja lero ndi malo ogona alendo. Otsogolera njira ndi anthu a m'midzi yozungulira, ndipo kulowa m'nkhalangomo popanda mmodzi wa iwo n'kufuna kusochera, poti nkhungu imatsika mwadzidzidzi.

Kuchokera m'mphepete mwa nkhalangoyi, njira yonse ya dzulo ndi dzana imaoneka pansi: chigwa, thamanda la Chia, nyanja, ndi mapiri a Mozambique kutsidya. Nyengo yabwino yoonera ndi kuyambira Epulo mpaka Juni, mvula itatsuka mlengalenga. Mu Sepitembala ndi Okutobala utsi wa moto wolusa umaphimba zonse, ngakhale kuti imeneyo ndiyo miyezi imene nyanja imakhala bata. Nthawi zina pamwamba pa madzi pamaima mizati yakuda ngati utsi wa sitima. Si utsi, ndi nkhungu, tizilombo touluka timene timaswa m'nyanja miyandamiyanda, ndipo mphepo ikatikankhira kumtunda anthu a kugombe amatikola ndi malichero n'kuumba zitumbuwa zakuda zodyera nsima.

Pobwerera, kuchokera pa boma la Ntchisi pali phula lokafika ku Mponela pa M1, ndipo pali njira yachidule yodzera m'mapiri yotulukira ku Dzaleka, kufupi ndi boma la Dowa. Yachiduleyi yakhala yafumbi kwa zaka zambiri, choncho m'miyezi ya mvula ndi bwino kufunsa oyendetsa maminibasi pa depoti ya Ntchisi musananyamuke.